Sabata ya pedulo yofewa

Lolemba m'mawa kunabwera bambo ena akuyendetsa galimoto pang'onopang'ono, dzanja lili pa handibuleki. Anati Loweruka anasintha okha makalipa akutsogolo (zitsulo zokhala ku matayala zimene zimapanitsa mapadi a buleki) kunyumba, kenako iwo ndi mwana wawo anabulida mabuleki katatu konse, koma pedulo inkangolowabe ngati akuponda siponji.

Ine sindidana ndi munthu wodzikonzera galimoto. Kubulida si matsenga, ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi a mabuleki basi. Mafuta a buleki safinyika, koma mpweya umafinyika, ndiye ukalowa m'mapaipi mphamvu ya phazi imathera pa mpweyawo osafika ku mapadi.

Tinaikweza n'kuikhazika pa masitandi, pakuti galimoto yongodalira jeke sindiigwira. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anakhala pachiwongolero, ine ndi sipanala kunsi, kapaipi koonekera mkati kakuchokera pa nipo (kabawuti ka pa kalipa kotulutsira mpweya) kulowa m'botolo.

"Popa katatu, ugwire!"

"Ndagwira, abwana."

Ndimasule, mafuta atuluke, ndimange iye asanachotse phazi. Akafulumira kuchotsa, mpweya umabwerera momwemo. Tinayamba ndi tayala lakutali kwambiri ndi master cylinder (pampu imene imakankha mafuta ukaponda pedulo) n'kumayandikira. Mafuta anatuluka oyera, opanda thovu. Pedulo sinasinthe.

Lachiwiri maganizo anapita pa master cylinder. Kuyesa kwake n'kosavuta: umaponda osasiya. Pedulo ikamatsika yokha pang'onopang'ono, kulibe podontha, ndiye kuti marabala a mkati atha. Iyi sinkatsika. Ukapopa inkalimba, ukaisiya kanthawi inkafewanso. Ndinayang'ana mapaipi a rabala ngati akutupa mnyamatayo akaponda, onse anali bwino. Ndinaweruka mutu uli gwa.

Lachitatu ndinachotsanso tayala lakutsogolo, ndinakhala pansi n'kumangoyang'ana kalipa ija. Pamenepo m'pamene ndinaona: nipo inali m'munsi, paipi ikulowera chakumwamba. Bambo aja anaika kalipa ya kumanja kumanzere, ya kumanzere kumanja. Pa magalimoto ambiri mabawuti amalowa bwinobwino ngakhale utasinthanitsa, n'chifukwa chake cholakwikachi sichioneka msanga. Koma mpweya umakwera m'mwamba. Nipo ikakhala pansi, mutha kukhuthula mabotolo khumi, thovu lidzangokhala pamwamba pa pisitoni. Zinandiwawa kuti Lolemba lonse ndinagwira nipo imeneyo ndi dzanja langa osazindikira. Titabwezera iliyonse kwake, kungomasula koyamba thovu linatuluka mundandanda m'kapaipi, pedulo n'kulimba pamwamba penipeni.

Lachinayi kunabwera mayi ena akuti mabuleki amasowa akamatsika mtunda wautali, akazizira amabwerera. Mafuta awo anali akuda bii. Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi. A DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa madzi malirewo amatsika kufika cha pa 155. Akawira, m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati mpweya. Tinawachotsa onse. Ndinawauza kuti azisintha pakapita zaka ziwiri zilizonse, ndiponso asadzalole wina kuthiramo DOT 5, amene ndi a silikoni ndipo sasakanizika ndi enawa.

Lachisanu bambo aja anabwera kudzatenga galimoto. Ndinawagwadika pambali pa tayala n'kuwalozera nipo.

"Bambo, mukadzabwereza kunyumba, iyi izikhala pamwamba. Kathanki ka mafuta musakalole kuuma pobulida, mukatero mwayambiranso. Pansi pa pedulo muziikapo kathabwa kuti isafike pansi, chifukwa pa master cylinder yakale marabala amang'ambika akafika pomwe sanazolowere. Mafuta akadonthera pa penti, tsukani ndi madzi nthawi yomweyo."

Anamvetsera zonse, kenako anakhala pampando n'kuponda kawiri. Anaponda kachitatu mwamphamvu, akundiyang'ana. Asanatuluke pageti ndinawapempha kuti ayese kaye kuima kangapo pabwalo, ine ndikuyang'ana pansi ngati pali dontho.