Mpopi wauma, nkhani ya mtovu ndi ndere

Lachiwiri. Mpopi wauma kuyambira dzulo ndiye m'mawa ndinanyamula zigubu ziwiri ulendo kuchitsime cha kudambo kuno ku Area 36. Chakumtunda kwake kuli kagalaja, anyamata amaswa mabatire akale a galimoto kuti achotse mtovu akagulitse, asidi amangokhuthulira pansi, dothi lake linachita kuyera mbuu, udzu sumera nkomwe. Ndadutsapo kambirimbiri koma sizinandilowepo m'mutu.

Masana kunabwera mwana wa achemwali anga, uja akuphunzira chemistry ku yunivesite, wandipeza ndikuwiritsa madziwo pambaula. Akuti "anti, kuwiritsako mukupha tizilombo ta kolera basi, mtovu supsa, madzi akamaphwera ndiye umatsalira wochuluka mumphikamo." WaterGuard nayenso akuti saukhudza. Ine kakasi. Sikuti chitsimecho tachiyeza ayi, koma a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mtovu usapose ma microgram 10 pa lita, kakang'ono zedi, ndipo umaononga ubongo wa ana. Anatchula za ku Kabwe ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa 1994 koma ana akuvutikabe nawo mpaka lero.

Kenako anayamba za ndere za m'nyanja yamchere, zofiirira zija monga Sargassum, akuti zimatha kuchotsa mtovu m'madzi, ndipo apa ndinasiya kukupiza moto. Amaziumitsa padzuwa, kuzipera, nkudutsitsamo madzi. M'khungu mwake muli chinthu chotchedwa alginate chomwe chimakola mtovu, cadmium ndi mkuwa ngati ulimbo, nkutulutsa calcium kapena sodium m'malo mwake. Chondidabwitsa ine nchoti sizifunika zamoyo, zouma zomwezo zimagwira ntchito, zikakhuta amazitsuka ndi asidi wochepa mphamvu nkuzigwiritsanso. Koma zotsukazo ndi poizoni, ukangotaya kudzala ndiye wabweza mtovu kuchitsime komwe kuja.

Ndinamufunsa kuti ndiye tizipeza kuti, ife nyanja yathu njopanda mchere, mpaka tikatenge ku Nacala kapena ku Beira? Anaseka, akuti namasupuni wa mu Shire nayenso amayamwa zitsulo, kungoti zonsezi sizoyesera kukhitchini kwa anti.

Madzi owiritsa aja ndachapira mayunifomu a ana. Akumwa ndakapempha ndowa imodzi kwa aneba omwe ali ndi thanki, mawa ndikawapatse kabichi.