Nkhasi ya m'minibasi

Ndinatsikira ku Nkhata Bay kukagula usipa, koma ndinabwerako ndi nkhasi. Kamnyamata kena kanaipeza ikuothera dzuwa pa chipika m'mabango, pamene kamtsinje kamathira m'nyanja. Ine ndinangoti ndi kamba wamba, mwana wanga azikasewera naye, tizikamupatsa kabichi. Ndinaiponya m'chikwama pamwamba pa usipa, n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu.

Nkhasi ikachita mantha imatulutsa timadzi tonunkha, ndipo si kununkha kwamasewera ayi. Titangoyamba kukhotakhota pa chitunda chija, fungo linangoti guu, ngati mazira ovunda aswekera m'ngalande ya kumsika.

Aliyense anayang'ana mnzake. Amayi omwe ndinakhala nawo anaphimba mphuno ndi chitenje. Kondakitala anatsegula mawindo onse, chonsecho munali mu June, kamphepo kakulasa mpaka m'mafupa.

"Koma anthu ena manyazi alibe," ndinatero mokweza, maso ali pa madala ena omwe ankangodziwodzerera pakona. Mulungu andikhululukire.

Kenaka chikwama chinayamba kuyenda pamiyendo panga. Ndinapisamo dzanja mwakabisira kuti ndiikhazike chete. Nkhasi yamtunduwu chigoba chake chapansi chili ndi kachitseko kutsogolo. Imapindira khosi chammbali, mutu n'kulowa, kachitseko n'kutsekeka. Tsiku limenelo kanatsekera ndi chala changa chomwe.

"Mayo ine!"

Ndinasolola dzanja nkhasi ili lende, usipa uli mbwee pamiyendo pa amayi aja.

Madala aja anatsegula diso limodzi. "Aphwanga, wopanda manyazi uja ndi ameneyu eti?" Minibasi yonse inafa ndi phwete. Atamva za kabichi anapukusa mutu. Anati iyi ndi ya m'madzi, imadya nkhono, nkhanu, mbululu ndi tinsomba, ndipo madzi akaphwa imadzikwirira m'matope mpaka mvula igwe. Kuti ilekerere chalacho anachita kuithira madzi a m'botolo mwawo.

Pa depoti kondakitala anatambasula dzanja. "Bwana, mwalipira munthu mmodzi. Nanga abale anuwa?"

Nkhasiyo ndinakaisiya ku dambo la Lunyangwa madzulo omwewo. Nditafika kunyumba ku Mchengautuwa, mayi a kunyumba ananunkhiza usipa uja kamodzi kokha, n'kuukhuthulira galu. Galuyo ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kukagona kuseri kwa bafa.