Masiku khumi a maginito pamutu panga

Sitiroko inandigwira m'mawa wina mu Febuluwale ndili m'chigafa kwathu ku Chamama, pamene singano yosokera fodya inapulumuka m'dzanja langa lamanja ndipo ndinalephera kuitola. Kuchipatala cha boma ku Kasungu anapeza kuti BP yanga inali itakwera kwambiri, ndipo atanditumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, chithunzi cha m'mutu chinaonetsa kuti mtsempha wa magazi unatsekeka kumanzere kwa ubongo, mbali imene imalamulira ziwalo za kumanja. Mwendo unachira msanga ndi mafizo, koma dzanja linakhala chofumbata kwa miyezi isanu.

Mwana wanga woyamba, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndiye anandiitanitsa kuti ndikayese thandizo lotchedwa TMS, limene amaika maginito pamutu kuti adzutse kapena kufatsitsa mbali ina ya ubongo. "Bambo, si opaleshoni ayi, ndipo sakubayani jakisoni," anatero pafoni atamva kuti ndikuzengereza.

Tsiku loyamba linatha ndi mafunso. Dokotala anafuna kudziwa ngati ndinadwalapo khunyu, ngati muli chitsulo chilichonse m'mutu mwanga, kapena ngati ndinaikidwa kachipangizo kothandiza mtima, chifukwa maginito amenewa ndi amphamvu ndipo mwa apo ndi apo amachititsa munthu kukomoka ngati wakhunyu. Sanandibisirenso kanthu: njirayi inayambitsidwa ndi Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, ku England, mu 1985, ku America inavomerezedwa mu 2008 kwa odwala matenda ovutika maganizo, koma pa za sitiroko akatswiri akufufuzabe, moti ena amapindula pamene ena saona kusintha kwenikweni.

Atandikhazika pampando ndi kunditseka m'makutu, anandiika pamutu chipangizo chooneka ngati nambala 8, n'kumachisuntha pang'onopang'ono mpaka chala changa chachikulu cha kumanzere chinagwedezeka chokha ine ndisanachitume. Apo ndiye anaika chizindikiro. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti malowo anali kumanja, mbali yabwinobwino. Mwana wanga atafunsa m'malo mwanga, anatifotokozera kuti mbali ziwiri za ubongo zimaletsana, ndipo imodzi ikavulala, yamphamvuyo imapondereza inzakeyo mopitirira. Ine ndinaganiza za ng'ombe ziwiri za pangolo, pamene yamphamvu ikukoka goli mpaka yofookayo ikulephera kuponda bwino. Maginito akamagunda kamodzi pa sekondi amafatsitsa mbali yamphamvuyo, pamene akamagunda kasanu kapena kuposerapo amadzutsa ubongo, ndipo otero amawaika mbali yovulala. Ine anandisankhira njira yoyambayo.

Tsiku lililonse ndinkakhala mphindi 20, kutanthauza kugunda ka 1,200, kumene kumamveka ngati munthu akukugogoda ndi chala pamalo amodzimodzi. Masiku awiri oyamba mutu unandiwawa pang'ono, kenaka ndinazolowera mpaka kumasinza.

Ntchito yeniyeni inkayamba ndikangotsika pampandopo. Ankapita nane kwa a mafizo osandilola ngakhale kumwa tiyi, poti amati nthawi imeneyo ubongo umakhala wokonzeka kuphunzira, ndipo kwa ola lathunthu ndinkatola timitengo, kutembenuza makadi ndi kuyesa kufunyulula zala mpaka thukuta kamukamu. Kunena zoona, ola limenelo ndinkadana nalo, koma ndikukhulupirira kuti popanda ilo ndalama za mwana wanga zikanangolowa m'madzi. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu chala chachikulu ndi cha mkombaphala zinagwira supuni, ndipo ndinaifikitsa kukamwa phala litatayika theka.

Tsopano ndili kumudzi, ndikumwa mankhwala a BP osadumphitsa ndi kupita kumafizo ku Kasungu pa masiku amene anandipatsa. Madzulo aliwonse mayi a kunyumba amathira nyemba m'lichero kuti ndizitola imodziimodzi ndi kuika m'mbale. Nsima ndikutema ndi dzanja lamanja, ngakhale mbamu zake zimatuluka zazikulu ngati za mwana, koma singano ya fodya idakandipulumukabe, moti chaka chino asoka ndi adzukulu.