Kuyesa pa kompyuta njira yodikiritsa ndege pansi

Ntchito yomwe ndinadzipatsa kuno ku Mangochi inali yofufuza ngati kudikiritsa ndege pansi isananyamuke kumathandizadi pamene bwalo lomwe ikulowera silingathe kulandira ndege zonse pa nthawi imodzi. Zotere siziyesedwa pa ndege zonyamula anthu, n'chifukwa chake ndinagwiritsa ntchito BlueSky, pulogalamu yaulere yoyerekezera kayendedwe ka ndege, yolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta cha Python, yomwe inapangidwa ku yunivesite ya TU Delft ku Netherlands.

Ndinayamba ndi kulemba fayilo ya maulendo a tsiku limodzi: mtundu wa ndege iliyonse, komwe ikuchokera, liwiro lake ndi nthawi yonyamukira. Zonse zinkalowera ku bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kuchokera ku Johannesburg, Nairobi, Addis Ababa, Chileka ndi kabwalo ka Club Makokola ka kuno kwathu. Ndinachulukitsa dala maulendowo kuposa momwe alili lero, pakuti chida chodikiritsa ndege pansi chimadziwika pa mpanipani.

Poyamba ndinayendetsa tsikulo popanda chida, kuti ndikhale ndi poyerekezera. Kenako ndinachepetsa ndege zololedwa kutera pa ola, monga zimakhalira kukagwa mvula ya mabingu mu Januwale, n'kulemba mphindi zomwe ndege zinathera zikuzungulira m'mwamba, komanso kangati ziwiri zinayandikana kuchepera mamailo a panyanja 5 m'mbali ndi mafiti 1,000 m'mwamba, womwe ndi mpata wofunika kusiyidwa pakati pa ndege. Pakompyuta nthawi imathamangitsidwa, moti tsiku lathunthu limatha madzi a tiyi asanawire.

Nditatero ndinalowetsa chidacho, kapulogalamu kogawira ndege iliyonse nthawi yatsopano yonyamukira potsata ndondomeko ya momwe inayenera kufikira. Ndinatengerako lamulo la ku Ulaya, komwe ndege yopatsidwa nthawi yotere imaloledwa kunyamuka mphindi 5 nthawiyo isanakwane kapena mphindi 10 itadutsa. Ndinabwereza kambirimbiri ndikusintha mphepo ndi kuchedwa kwa apa ndi apo, chifukwa zotsatira za kamodzi sizodalirika.

Kuzungulira m'mwamba kunachepa, ndipo izi ndi zofunika, popeza ndege yodikira pansi injini zili zozimitsa siwotcha mafuta. Koma chomwe chinandikhudza kwambiri ndinachipeza nditasiya kuyang'ana chiwerengero cha onse pamodzi n'kuyamba kusanthula ndege imodziimodzi. Pamene mvula imayamba, ndege zochokera kutali zinali zili kale m'mwamba, ndipo yomwe yanyamuka siingabwezedwe kuti ikadikire. Kuchedwa konse kunagwera zapafupi, za ku Chileka ndi Makokola, zomwe kawirikawiri zimanyamula anthu othamangira kukakwera ndege ina ku Lilongwe. Kwa ine, chida chomwe chasenzetsa aulendo a m'dziko muno mtolo wonse sichinakhoze mayeso.

Ndinasintha lamulo lodikiritsa ndege pansilo kuti liziyamba kugwira ntchito maola angapo mvula yoloseredwayo isanafike, zakutali zisananyamuke. Kuchedwa kunagawika bwino, koma kunabuka vuto lina: mvula ikalephera kubwera, ndege zimakhala zadikirira pachabe. Panopa ndikuyesa masiku omwe ulosi wa nyengo waphonya, kuti ndipeze nthawi yabwino yoyambira lamulolo.