Sikelo yaima, azakhali andifunsa funso

Azakhali anatulukira masana ano osanena n'komwe kuti akubwera. Ndi iwowa amene anandisamalira nditangotuluka m'chipatala, kumene anandichita opaleshoni yodula chifu kuti ndichepe thupi. Ankadzuka pakati pa usiku kundigwiriziza popita kubafa, ankandiwerengera timasipuni ta madzi masiku amene pakhosi pankakana chilichonse, ankandikakamiza kuyendayenda m'nyumba chifukwa adokotala anali atachenjeza kuti kungogona kumaundanitsa magazi m'miyendo. Ndiye akalowa muno salowa ngati mlendo ayi. Atakhala pansi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anati, "Nanga sikelo ikuti bwanji masiku ano?"

"Yaima, azakhali."

"Yaima bwanji? Yawonongeka?"

"Ayi, waima ndine. Nambala ndi yomweyomweyo, masabata angapo tsopano."

Anakhala duu kwa kanthawi. "Ndiye kuti basi zathera pomwepa? Chifu chonse chija anadula kuti ufike pamenepa pokha?" Ndisanatsegule pakamwa anasendera pafupi n'kutsitsa mawu, chonsecho m'nyumba tinalimo awiriwiri. "Undiuze zoona, mwana wanga. Sunayambirenso kudya mobisa?"

Pano ndi usiku ndipo tulo tandithawa chifukwa cha funso limeneli. Akanakhala munthu wa kuntchito ndikanangomwetulira n'kumapita. Koma awa anaona ndi maso awo timabala ta pamimba panga, anandipukuta nditasanza madzi amene ndinameza mofulumira. Akudziwa kuti opaleshoni ya sleeve inachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu changa n'kundisiyira kachubu kopyapyala, moti dzira limodzi lophika limandikhutitsa.

Ndinayamba ndi kuwakumbutsa za kuima koyamba kuja, poti kumeneko analipo. Inali sabata yachitatu chichitikireni opaleshoni, ndikumwabe zamadzimadzi zokhazokha, sikelo n'kukana kusuntha. Ndinalira pamaso pawo. Anesi anatifotokozera tonse awiri kuti anthu ambiri ochitidwa opaleshoni yamtunduwu amadutsa pamenepo. Thupi limasunga shuga wotchedwa glycogen m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imagwira madzi pafupifupi magalamu 3. Zakudya zochepa zimene amakupatsa opaleshoni isanachitike, zija zochepetsa chiwindi kuti adokotala afike bwino pachifu, pamodzi ndi masiku oyamba ukatuluka, zimamaliza shuga wosungidwayo. Madzi ake amatuluka, sikelo n'kutsika mothamanga mpaka umaganiza kuti mafuta akusungunuka. Kenako thupi limayamba kubwezeretsa glycogen, nayenso amabwera ndi madzi ake. Mafuta amakhala akuchepabe, koma madzi obwererawo amaphimba zonse.

"Ndikukumbuka," anatero azakhali. "Kuja kunali kwa madzi, ndipo kunatha kokha. Nanga kumeneku n'kwa chiyani?"

Azakhali sapusitsika. Kumeneku n'kwinadi, papita miyezi ingapo chichitikireni opaleshoni. Ndinawauza zimene ndinaphunzitsidwa, ndipo ndikulembanso pano kuti mwina nanenso ndizimve. Thupi lalikulu limafuna mphamvu zambiri kuti lingokhala moyo: kupuma, kupopa magazi, kunyamuka pampando. Likachepa, zofuna zake zimachepanso, ndiye chakudya chimene chinkandiondetsa miyezi yoyamba tsopano chikuyandikira kufanana ndi zimene thupi likuwotcha. Komanso thupi silidziwa kuti ndinasaina ndekha fomu ya opaleshoni. Limangoona mafuta akutha msanga. Homoni ya leptin, imene imachokera m'mafutamo n'kumapereka uthenga ku ubongo, imatsika, ubongo n'kumva kuti kunja kwagwa njala. Pamenepo limayamba kuumira ngati munthu amene amudula malipiro, limawotcha zochepa kuposa zimene thupi la kulemera kumeneku lingawotche. Ndimazizidwa pamene ena akupukuta thukuta. Ndipo makilogalamu amene apita si mafuta okhaokha. Ena ndi minofu, makamaka m'miyezi 3 yoyamba, pomwe minofu ndiyo imadya mphamvu zambiri kuposa mafuta ngakhale munthu ali chikhalire. Kutupa kwa chifu kunaphwa, choncho chimalandira chakudya chochulukirapo kusiyana ndi masabata oyamba, ndipo adokotala amayembekezera zimenezo. Palinso ting'onoting'ono: mapiritsi a ayironi amandidzimbitsa, msambo ukayandikira thupi limasunga madzi, chakudya chikachuluka mchere n'chimodzimodzi.

Anandimvetsera mpaka pamapeto. Kenako anati, "Mawu achuluka, mwana wanga. Ine ndafunsa za kudya."

Ndinadzuka n'kukatenga kabuku kanga. Ndimalembamo chilichonse cholowa mkamwa, monga anandilangizira katswiri wa zakudya. Mapuloteni osachepera magalamu 60 patsiku, ndipo ndiwo ayambe kulowa zina zisanalowe. Madzi osachepera lita imodzi ndi theka, omwa pang'onopang'ono tsiku lonse, osamwa uku ukudya, kudikira mphindi 30 ukatha kudya. Mavitamini tsiku lililonse, B12, D, ayironi, kashiamu, ndipo amenewa ndi a moyo wonse. Azakhali anavala magalasi awo n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba, chala chikutsata mizere. Ine ndinaimirira pambali pawo manja akunjenjemera. Sanali mantha, unali mkwiyo. Munthu wamkulu ine, m'nyumba mwanga, kupereka umboni wa zimene ndadya.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti funso lawolo si lopanda nzeru. Munthu wa chifu chaching'ono akhoza kudya zambiri ndithu. Sangamalize mbale nthawi imodzi, koma akhoza kumatola pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka usiku osakhuta n'kamodzi komwe. Zakudya zofewa, zosungunuka mkamwa, ndi zakumwa za shuga zimangodutsa m'kachubu kaja osasiya chizindikiro. Mbali ya chifu imene amachotsa ndi imene imapanga ghrelin wambiri, homoni ya njala, n'chifukwa chake miyezi yoyamba njala inangoti zii. Kwa ambiri imabwerera pang'onopang'ono, ndipo ine ndayamba kuimva. Nanga njala ya m'mutu ija, yobwera ukakhumudwa kapena ukasowa chochita, mpeni wa dokotala sunaikhudze. Katswiri wa zakudya amandifunsanso zomwezi nthawi zonse ndikapita. Koma iye amati tiyeni tione limodzi pamene pangakhale potayikira, ndipo ndimatuluka m'chipinda chake ndili ndi chochita. Azakhali anafunsa ngati amene akudziwa kale yankho.

Kuyambira ndili kamtsikana anthu akhala akuyang'ana m'mbale mwanga. Ukatenga zambiri akuti ndi chifukwa chake, ukatenga zochepa akuti ukadya kuseri. Ndinkaganiza kuti zimenezi zinatsala m'chipatala muja pamodzi ndi chidutswa cha chifu. Miyezi yoyamba aliyense ankandiyamikira, mafoni kulira, wasinthatu, ukuoneka bwino, pitiriza. Ndinazolowera, ndipo ndinkadzuka m'mawa ndi chimwemwe chokwera sikelo. Tsopano kuyamikira kwatha chifukwa maso a anthu azolowera, tsitsi likuthothoka lodzaza chipeso, khungu la m'mikono likulendewera. Za tsitsi anandichenjeza kale kuti limayamba kugwa pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi ndipo limameranso. Kuchenjezedwa sikuletsa mtima kuwawa ukaliona pansi m'bafa.

Dzulo, kapena dzana, ndinakwera sikelo, kutsika, kuisunthira pakona ina, kukweranso. Ndikudziwa kumene mantha amenewa akuchokera. Ndisanachitidwe opaleshoni ndinayesa njira zambiri zochepetsera thupi, ndipo zonse zinkatha mofanana: sikelo imatsika, imaima, kenako imayamba kukwera mpaka kupitirira pamene ndinayambira. Kuima kunali chizindikiro chakuti zayamba kubwerera. Mutu wanga ukudziwa kuti pano zinthu n'zosiyana, kuti opaleshoniyi imasintha mahomoni osati kukula kwa chifu kokha, kuti anthu ambiri amapitiriza kuchepa mpaka miyezi 12 kapena 18, mothamanga poyamba kenako mwapang'onopang'ono, ndi kuimaima pakati. Koma mtima wanga sunaphunzire zimenezo. Ukaona nambala yomweyo umangokumbukira zakale.

Nthawi ngati zino ndimabwerera ku kafukufuku wa ku Sweden uja, wotchedwa Swedish Obese Subjects, amene anayamba mu 1987 ndipo anatsatira anthu onenepa kwambiri opitirira 4,000, pafupifupi theka lawo ochitidwa opaleshoni. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinaonetsa kuti amene anachitidwa gastric bypass, opaleshoni ina yochepetsa chifu n'kulambalalitsa chakudya mbali ya matumbo, anatsika ndi pafupifupi 32 peresenti ya kulemera kwawo pakati pa chaka choyamba ndi chachiwiri, ndipo patatha zaka 10 anali otsikabe ndi 25 peresenti. Imfa pakati pa ochitidwa opaleshoni zinali zochepa poyerekeza ndi enawo. Nthawi imeneyo sleeve inali isanafale, ndiye manambalawo si anga ndendende. Koma amandiuza zinthu ziwiri, ndipo sindikonda zonse mofanana. China n'chakuti phindu limakhalitsa zaka zambiri. Chinacho n'chakuti aliyense amafika poima penipeni, ndipo ambiri amabwererako pang'ono. Palibe amene amangotsika mpaka kalekale. Tsiku lina kuima kudzakhala komaliza, ndipo sikelo sidzandiuza kuti uku ndiye komaliza kuja.

Azakhali atatseka kabuku anavula magalasi n'kukhala chete. Ndinkayembekezera kuti apepesa, koma sanapepese, si khalidwe lawo. Anangofunsa kuti, "Mapiritsi ako a BP aja ali kuti? Ankakhala apa." Ndinawauza kuti adokotala anawachepetsa, ndipo shuga wanga ali m'malo mwake. Anagwedeza mutu. Anandigwira padzanja n'kuzunguliza mphete yanga, imene tsopano ikukhwepa, kenako anati khosi langa latuluka, ndipo siketi imene ndavalayi mwezi watha inkandithina. Zoona, m'chiuno mwachepa ngakhale sikelo ili pomwepo. Zimachitika, madzi ndi zimene zili m'matumbo zimabisa mafuta amene apita. Ndinali nditaziona ndekha koma sindinkaziwerengera, ngati kuti umboni wa tepi yoyezera ndi wotsika kuposa wa sikelo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero akunyamula chikwama.

Ndinati inde, azakhali. Mumtima ndinkati amene wandichotsa kudekhako ndi inu nomwe. Ndinawaperekeza mpaka panja, ndipo potsanzikana anandikumbatira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ndikudziwa kuti funso lija linachokera m'mantha. Usiku wa opaleshoni sanagone, anakhala pabenchi mpaka nditatsitsimuka. Akuopa kuti zonsezo zipita pachabe, monga mmene ndikuoperanso ine. Kudziwa zimenezi kukanayenera kuziziritsa mtima wanga, koma sikunatero. Ndikadawakwiyirabe, ndipo ndikufunanso kuwaimbira foni pompano kuti ndimve ngati afika bwino.

Mawa ndiimbira katswiri wa zakudya. Ndalemba kale zofunsa kumapeto kwa kabuku: ngati mapuloteni ndiwonjezere kufika magalamu 80, ngati nthawi yakwana yoti ndiyambe kunyamula zolemera kuti ndisunge minofu m'malo mongoyenda, ngati magazi ayezedwenso poti kutopa kwachuluka ndipo ayironi kapena B12 akatsika zimayamba chonchi, ngati pali chochita ndi kudzimbidwaku. Anandiuzapo kale kuti ndizikwera sikelo kamodzi pasabata, tsiku limodzimodzi, nthawi imodzimodzi, ndipo ndisayese kudzimana chakudya kuti ndiikakamize kutsika, chifukwa choyamba kupita ndi minofu. Zimenezo akabwerezanso, ndipo ndikufuna kuti abwereze.

Pali funso lina limene cholembera chakana kulemba. Nambala imene ndinaiika mumtima ndisanalowe m'chipinda cha opaleshoni ikadali patali. Mawondo asiya kuwawa, ndimakwera masitepe osaima, mkonono unatha. Thupi likati lafika pamene likufuna kukhala, kaya ndi pano kaya patsogolo pang'ono, ine ndidzavomera kuti zinatheka? Kapena ndidzakhala munthu wathanzi woyenda ndi manyazi a nambala? Ndikamufunsa katswiriyo andiyankha za BP ndi shuga, ndipo akhala akunena zoona. Mwina ndi funso lopita kwa mlangizi wa zamaganizo amene ananditchulira tsiku lotuluka m'chipatala, amene nambala yake ili m'foni mwangamu.

Kashiamu wa madzulo ndikadadikira, poti amafunika kutalikirana ndi ayironi maola awiri. Madzi a lero atsala kapu imodzi kuti akwane, ndiyamba ndi amenewo.