Kabaza wa apongozi

Azaumoyo atabwera kuntchito kwathu kuno ku Salima kudzayeza anthu kwaulere, ndinaima pamzere modzidalira kwambiri, popeza chibadwire sindinagonepo m'chipatala. Namwino amene anandilandira anandiuza kuti kusagona m'chipatala si umboni wa chilichonse, chifukwa matenda a mtima amayamba kumera zaka zambiri munthu asanamve kupweteka. Anafotokoza kuti zimenezi zinadziwika potsatira anthu kwa nthawi yaitali, monga m'kafukufuku wa m'tauni ya Framingham ku America, yemwe anayamba mu 1948 ndipo anafika mpaka pa zidzukulu za anthu oyambawo. Mu 2010 bungwe la American Heart Association linasankha zinthu 7 zoyezera umoyo wa mtima, kenako mu 2022 linawonjezerapo tulo kuti zikhale 8, ndipo chilichonse chimapatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Amene amakhoza bwino, anatero namwinoyo, ndi amene kawirikawiri amakalamba osadwala mtima kapena kufa ziwalo.

Pa nkhani ya fodya ndinakhoza, pakuti sindisuta. Pa tulo ndinakhozanso, chifukwa maola 7 mpaka 9 amene amafunika usiku uliwonse ndimawakwanitsa mosavuta, ngakhale kuti namwino anakana kundiwonjezera malikisi pa tulo ta masana ta mu ofesi. Shuga ndi mafuta a m'magazi anati tidikire zotsatira. Kwinako kunali maliro okhaokha. Sikelo inandiyalutsa, BP inali itadutsa 140/90, ndipo atanena kuti mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, ndinakumbukira kuti wochuluka chotero ndimauwaza pa mbale imodzi ya chiwaya pa Kamuzu Road. Pa zolimbitsa thupi anandilembera 0, koma mlandu umenewu ndi wa tauni yathu, pakuti ku Salima munthu amene ali ndi kangachepe m'thumba sayenda pansi pamene a kabaza akumuitana mbali zonse.

Namwino anati pamafunika mphindi 150 pa sabata, ndipo munthu wosazolowera ayambe pang'onopang'ono. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, choncho mphindizo ndinaziona ngati ngongole imene munthu wanzeru amabweza kamodzi n'kupuma. Loweruka ndinabwereka njinga ya mphwanga amene amachita kabaza, ya khushoni yofiira pa kaliyala, pamodzi ndi chipewa chake chachikulu, n'cholinga chopalasa mpaka ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Nditaima pafupi ndi msika kuti ndipinde mwendo wa thalauza, ndinamva njinga ikutitimira kumbuyo, kenako mawu akuti, "Tiyeni ku Senga Bay, achimwene, koma musathamange, ndanyamula nkhuku." Mawuwo ndinawazindikira nthawi yomweyo. Anali apongozi anga, mayi amene mwa mwambo wathu sindiyenera kuyang'anizana nawo, ndipo tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Kutembenuka kunali kosatheka, kuwatsitsa kunali chipongwe, choncho ndinakokera chipewa kumaso, ndinayankha ndi mawu a pakhosi kuti, "Chabwino, amayi," n'kuyamba kupalasa, iwo, dengu la mpunga ndi nkhuku zonse zili pa ine.

Apongozi anga ndi munthu wokonda kucheza ndi a kabaza. Tisanatuluke n'komwe m'tauni anali atayamba kundifotokozera za mkamwini wawo, munthu wabwino mtima ndithu koma waulesi, amene mimba yake imalowa m'nyumba iye akadali pakhonde, amene amathira mchere asanalawe ndiwo, ndipo mwana wawo adzakhala wamasiye akadali wamng'ono ngati munthuyo sasintha. Pa mfundo iliyonse ankafuna kumva maganizo anga, ndipo ine, thukuta likulowa m'maso, mpweya ukutuluka ndi likhweru, ndinkavomereza kuti, "Zoona, amayi, anthu otere ndi ovuta." Anandiyamikira kuti ndine mnyamata womvetsa zinthu, kungoti njinga yanga inali yochedwa kuposa onse amene anawakwerapo.

Titayenda mwina theka la ulendo, miyendo inaleka kumva zonena zanga. Maso anachita chidima, chiwongolero chinakhotera chokha kumchenga, ndipo tinagwa mwaulemu, pang'onopang'ono, patsinde pa mlambe. Nkhuku inathawira m'munda, mpunga unamwazika, chipewa chinagubuduka n'kukagona chagada pakati pathu. Apongozi anandiyang'ana kamodzi kokha, anaphimba nkhope ndi chitenje, anatembenukira ku mlambe uja n'kuufunsa kuti, "Kodi bambo a kwathu ayamba liti geni imeneyi?" Ine ndinayankha ndikuyang'ana tayala kuti ndi malangizo a kuchipatala. Iwo anauza mlambewo kuti achipatala sangauze munthu wa BP kuti anyamule mayi ndi dengu masana a Okutobala, anatuma mwana kuti akanditungire madzi, anaponya m'chipewa ndalama ya theka la ulendo, n'kukwera matola.

Nkhaniyi inafika kunyumba ine ndisanafike, ndipo madzulo omwewo kabotolo ka mchere kanasowa patebulo. Kuyambira pamenepo uthenga umabwera kudzera kwa mayi a kunyumba, masiku angapo pa sabata, wakuti amayi akufuna kabaza m'mamawa kusanatenthe, wa mtunda waufupi, kukafika kumsika kapena kuchigayo basi. Amakwera osandiyang'ana, amalipira mtengo wonse, ndipo nkhani za mkamwini wawo waulesi amazikambabe, kungoti tsopano amayamba ndi mawu akuti, "Paja inu achimwene simumudziwa."