Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mapazi a Woimba Zeze

Chaka changa chachiwiri ku Cardiff, likulu la Wales, aphunzitsi anandiuza kuti ndipeke nyimbo ya mphindi zisanu ya zeze yekha, popanda chida china chomuperekeza. Ndikunena zeze wamkulu uja wa m'makonsati, harp, wa zingwe 47, wamtali kuposa ine. Ku Wales amamulemekeza ngati chida cha fuko lawo. Ine ndinkangomudziwa m'Masalimo, m'manja mwa Davide.

Ndinalemba nyimboyo milungu itatu nditakhala pa piyano, kenako ndinapita nayo kwa mayi wina woimba zeze. Anaika mapepala patsogolo pawo, kutsamiritsa zezeyo paphewa lamanja, n'kukhala chete nthawi yaitali.

"Apa mwandipatsa manotsi asanu kudzanja limodzi," anatero. "Chala chaching'onochi sitiimbira, n'chachifupi. Tili nazo zinayi basi."

Kenako anati ndigwade ndione mapazi awo. Pansi pa zezeyo pali zopondera zisanu ndi ziwiri: phazi lamanzere limayang'anira za manotsi a D, C ndi B, lamanja E, F, G ndi A. Chilichonse chimaima malo atatu: otsitsa mawu (♭), apakati, ndi okweza mawu (♯). Ukaponda cha C, zingwe za C, zimene ndi zofiira, zimasinthira limodzi mawu. Sébastien Érard, mmisiri wa zida zoimbira wa ku France, ndiye anakonza njira imeneyi mu 1810. Ine pamzere umodzi wokha ndinafuna kuti phazi lawo lamanja liponde zitatu nthawi imodzi. Mtima unandiwawa, chifukwa mzere umenewo ndi umene ndinkaukonda kwambiri.

Ataona nkhope yanga, anati, "Tamverani izi." Anapondaponda mwakachetechete, gudu gudu, kusandutsa C kukhala C♯ kuti ilire chimodzimodzi ndi D♭, F kukhala F♯ kuti ifanane ndi G♭, n'kutsitsa B, E ndi A. Zingwe zisanu ndi ziwiri zinatsala ndi mawu asanu okha. Atakwapula zonse ndi chala chimodzi, thupi langa linachita tsemwe. Ndinaona agogo aamuna pakhonde kumudzi, bangwe pamiyendo, dzanja lamanja likukwapula zingwe zonse pamodzi, zala zamanzere zikutseka zosafunika. Agogo ankasankha mawu ndi zala, mayiwa ankasankha ndi mapazi.

Usiku umenewo sindinayandikire piyano. Ndinajambula kamzere ka zopondera pamwamba pa pepala loyera, ndisanalembe notsi ngakhale imodzi, ndipo ndinalumbira kuti masamba awiri oyamba mapazi sadzasuntha. Ndinayambira ku zingwe zachitsulo za pansi, zimene zimalira nthawi yaitali mpaka utaziphimba ndi chikhatho. Pamene agogo ankapumira mpweya asanayambe ndime ina, ndinalembapo chizindikiro chophimbira.

Lachinayi lotsatira ndinabwerera ndi masamba awiriwo. Anaimba mpaka kumapeto osaima, n'kutenga pensulo yawo kulemba manambala a zala pamwamba pa manotsi anga. Anandifunsa kuti tsamba lachitatu libwera liti.